Ndalama ya ejenti inenedwe chitseko chisanatsekulidwe

Mwezi wa Januwale ukamapita kumapeto, pamene chimanga chafika m'chiuno ndipo nkhokwe zambiri zayamba kuonetsa pansi, galimoto za chapa zolowera ku Ulónguè zimadzaza ndi makolo. Ena amachokera ku Dómuè, ena kumalire ku Calómuè, enanso amatsika kuchokera ku mapiri a Tsangano. Katundu wawo amafanana: kathumba ka ufa, nyemba pang'ono, mphasa ndi bulangete, ndipo pambali pawo pamakhala mwana amene akukayamba sekondale, sukulu ya uphunzitsi kapena maphunziro a zaulimi ku UniZambeze. Malo ogona pasukulu sakwanira aliyense. Choncho ntchito yoyamba ya kholo likangotsika galimoto ndiyo kufuna chipinda cha lendi, imene ambiri kuno amati renda.

Bambo wa kumudzi safunafuna nthawi yaitali. Asanatule n'komwe katundu, mnyamata wovala bwino wafika kale. "Mwaswera bwanji, bambo? Ngati ndi nyumba mukufuna musavutike. Ilipo ya malata, pansi pa simenti, mjigo uli pafupi, mwana wanuyu sadzayenda mtunda." Anthu otere ku Malawi amawatcha maejenti, ena amati madobadoba. Pa Chipwitikizi amati intermediário, ndipo ku Maputo adawapatsa dzina loti nhonguista. Ntchito yawo ndi yolumikiza mwini nyumba ndi munthu wofuna nyumba.

Mpaka pamenepa palibe cholakwika. Mlandu umayamba ndi mmene ndalama zimatulukira, chifukwa sizinenedwa pamodzi ayi, zimabwera imodziimodzi ngati mphenzi za mvula yoyamba. Poyamba mnyamata uja apempha ya kredito yoti aimbire mwini nyumba. Kenaka ya njinga yamoto. Pofika pakhomo akuti pali "ya kuonera", ndipo chipinda chikapanda kukoma ndalamayo sibwerera. Chikakoma, mwini nyumba anena zake: miyezi itatu yolipiriratu ndi ndalama ya chikole, ija amati caução. Bambo aja awerenga, alipira, mwana atula mphasa. Ndiye pamene mnyamata uja amakanda m'mutu n'kunena kuti, "Tsono bambo, yanga ija." Yake iti? Ena amafuna theka la lendi ya mwezi, ena ya mwezi wathunthu.

Yerekezani kuti chipindacho ndi cha 1,500 meticais pa mwezi. Miyezi itatu ndi 4,500, chikole ndi 1,500, ejenti akufuna 1,500, ndipo tindalama ta panjira tija takwana 300. Zonse pamodzi ndi 7,800 meticais. Munthu amene adanyamuka kumudzi atamva zoti chipinda ndi 1,500 akupezeka kuti walipira koposa kasanu tsiku loyamba lomwelo. Ndalama imeneyo sidachoke kubanki. Idachoka m'matumba a mbatata ya kachewere, m'mbuzi imene idagulitsidwa motchipa chifukwa cha changu, kapena m'ndalama ya feteleza wobereketsa. Ndipo bambo aja sakana. Dzuwa lapendeka, chapa yomaliza ikunyamuka, mwana ali apo akuyang'ana, ndipo munthu wamkulu sakonda kukangana ndi mnyamata pamaso pa anthu achilendo. Manyazi amenewa ndiwo munda umene maejenti ena amakololamo.

Mkulu wina akhoza kunena kuti anyamatawa ndi mbava basi. Ayi, si onse. Kudziwa nyumba imene yatsala yopanda munthu, kudziwa mwini nyumba waukali ndi wofatsa, kudziwa dera limene madzi amalowa m'nyumba mvula ikakula, imeneyo ndi ntchito, ndipo wogwira ntchito ayenera kulandira yake. Mlendo wofika m'tauni ya Tete dzuwa lili pamutu angayende masiku awiri osapeza chimene ejenti angamupezere m'maola awiri. Chodandaulitsa si chakuti amalipiritsa. Chodandaulitsa n'chakuti mtengo amaubisa mpaka munthu atalowa kale m'khola.

Khalidwe lobisa limeneli lili ndi mbiri yake m'dziko muno, ndipo achikulire akuikumbukira. Pa 3 Febuluwale 1976, boma la Pulezidenti Samora Machel lidalengeza kuti nyumba zochititsa lendi zakhala za boma, ndipo pambuyo pake bungwe la APIE ndilo linkaziyang'anira. Lendi ya boma idali yotsika, koma nyumba zidali zochepa. Zotsatira zake, m'mizinda mudabadwa malonda a m'chibisibisi amene anthu ankati kugula makiyi: munthu ankalipira ndalama yambiri kwa amene ali m'nyumba kuti amusiyire malo, popanda pepala lililonse, chifukwa zimenezo sizinkaloledwa. Mu 1991 boma lidatsegula njira yoti anthu azimanga nyumba zogulitsa ndi zochititsa lendi, komanso lidayamba kugulitsa nyumba zake kwa amene ankakhalamo. Lamulo lidasintha, koma chizolowezi chonong'ona nkhani ya nyumba kuseri chidatsala.

Kenaka anthu adachuluka. Nkhondo itatha mu 1992, amene adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu adabwerera, ndipo ambiri sadabwerere kumudzi kwenikweni koma adakhazikika pafupi ndi msewu. Ulónguè idakula mpaka kukhala ndi khonsolo yakeyake mu 2008. Kumunsi ku Tete, malasha a ku Moatize adakoka anthu a mitundu yonse, makamaka pamene kampani ya Vale ya ku Brazil idayamba kukumba mu 2011, ndipo lendi idakwera koti eni nyumba ena ankatuluka m'nyumba zawo zomwe kuti alowetsemo alendo. Pamene nyumba zili zochepa ndipo ofuna ali ambiri, wodziwa khomo ndiye amakhala mfumu.

Nanga lamulo likuti bwanji? Ambiri kumudzi amaganiza kuti lamulo loteteza ogula ndi la anthu a m'masitolo akuluakulu a ku Maputo. Si choncho. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a mu 2004, pa ndime 92, amanena kuti wogula ali ndi ufulu wouzidwa zoona, wotetezedwa pa chuma chake, ndiponso wobwezeredwa akaonongeredwa. Ndime yomweyo imaletsa kutsatsa malonda monyenga. Pofuna kuti mau amenewa agwire ntchito, nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, la pa 28 Sepitembala 2009, ndipo ndondomeko ya kagwiritsidwe kake idatuluka mu 2016.

Mau oti "wogula" asasokoneze munthu. Pa lamuloli wogula si yekhayo wogula sopo kapena shuga. Amene walipira kuti wina amugwirire ntchito, ngati wogwira ntchitoyo amadyera momwemo, nayenso ndi wogula. Ejenti amene amadzuka m'mawa uliwonse kukapezera anthu nyumba n'kumalandira ndalama akugulitsa ntchito, monga telala kapena makanika. Tsono lamuloli limamulamula kuti auze munthu momveka bwino za ntchitoyo ndi mtengo wake, ndipo azichita zimenezi pa nthawi yokambirana, osati zonse zitatha. Limanenanso kuti munthu sakakamizidwa kulipira chinthu kapena ntchito imene sadaipemphe. Ndipo wogulitsa amene wabisa zofunika kunena, n'kuonongetsa wogula, ali ndi mlandu wobweza.

Tanthauzo lake pa siteji ya chapa ndi ili. Mnyamata akanena poyamba kuti, "Bambo, ine ndimalandira 500 chipinda chikapezeka, chikapanda kupezeka simulipira kanthu," ndipo bambo aja avomera, imeneyo ndi ngongole yeniyeni, ayenera kuilipira mosanyinyirika. Koma ndalama imene yatulukira makiyi ali kale m'manja, imene sidatchulidwe pamene anthu awiriwa ankakambirana, ilibe miyendo pamaso pa lamulo. Bambo aja akhoza kupereka yoyamika monga mtima wawo wafunira. Kuwaopseza kuti mwana atulutsidwa usiku akapanda kulipira, kumeneko ndi kulanda.

Pali malire ake amene awerengi ayenera kuwadziwa. Gogo amene ali ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba yake, n'kulowetsamo mwana wa sukulu, si wamalonda wa nyumba monga ejenti, ndipo nkhani ya iye ndi wolowa m'nyumba imaweruzidwa makamaka ndi malamulo a mapangano, a m'buku la Código Civil. Komabe bukuli lili ndi mphatso yake kwa wolipira. Pa ndime 787 limati aliyense wolipira ngongole ali ndi ufulu wofuna lisiti, ija amati recibo, ndipo akhoza kukana kupereka ndalama kufikira lisitiyo italembedwa. Ndi ndime yakalekale, ya nthawi ya Apwitikizi, koma ikugwirabe ntchito. Munthu wonena kuti "kuno sitilemba malisiti" akunena za chizolowezi chake, osati za lamulo.

Vuto la maejenti si la kuno kokha, ndipo ndi bwino kumva mmene ena adalimbana nalo. Ku England, lamulo la mu 2015 lidalamula ejenti aliyense wa nyumba za lendi kuti apachike mndandanda wa ndalama zonse zimene amalipiritsa, muofesi yake poonekera ndiponso pa intaneti, msonkho uli momwemo, ndipo wolephera ankayembekezera chindapusa chofika 5,000 mapaundi. Koma kupachika mitengo pakhoma sikudathetse dandaulo, poti wofuna nyumba sasankha ejenti, amasankha nyumba, ndipo ejenti amangomupeza ali pakhomo. Choncho kuyambira pa 1 Juni 2019 boma la kumeneko lidaletsa maejenti kulipiritsa olowa m'nyumba ndalama zambiri za mtundu umenewu. Chikole adachiikira malire a lendi ya masabata asanu pa nyumba wamba, ndipo ndalama yogwirira nyumba isapitirire ya sabata imodzi. Nzeru yake ndi yapafupi: amene watuma ejenti ndiye amulipire.

Nzeru imeneyi ikufika pa bala lenileni la kuno. Ejenti ena amadya mbali ziwiri. Kwa mwini nyumba adalandira kale yake, kapena adapangana kuti pa lendi yeniyeni awonjezerepo pang'ono pakhale pake, ndipo kwa bambo wa kumudzi akulandiranso ngati kuti akugwirira iwo okha. Pamenepa funso limodzi lokha limathandiza, ndipo liyenera kufunsidwa pamaso pa mwini nyumba, ejenti ali pomwepo: "Mayi, lendi ya chipinda chino ndi zingati, ndipo mnyamatayu mwamulipira kapena ayi?" Safunsa adadya phula. Ejenti wachilungamo sakwiya ndi funso limeneli. Amene amayamba kunena kuti mwini nyumba ali ku Beira, kapena sakonda kuonana ndi anthu, kapena ndalama muzipereka kwa ine, ameneyo waulula kale zake.

Masiku ano kwabwera msampha wina umene makolo akale sadaudziwe. Chithunzi cha chipinda chokongola chimafika pa WhatsApp kapena pa Facebook, pamodzi ndi mau oti anthu ambiri akuchifuna, tumizani kangachepe pa M-Pesa kapena e-Mola kuti tikusungireni. Ndalama ikangopita, foni yazimitsidwa. Nthawi zina chipindacho chilipodi, koma mwini wake sadziwa kuti chikutsatsidwa, kapena anthu atatu alipira chipinda chimodzi. Kumeneku ndi kugula mbereko mwana asanabadwe. Nkhani yotere siyenera kuthera pa kudandaula kwa anansi, ndi mlandu wa chinyengo, umene pa Chipwitikizi amati burla, ndipo malo ake ndi kupolisi. Uthenga wa pafoni wosonyeza nambala, tsiku ndi ndalama usafufutidwe. Ndi mboni yosaiwala, ndipo ngakhale pa malipiro abwinobwino kulipira pafoni kuli ndi ubwino umenewo.

Pepala la pangano lisaopse munthu. Silifuna loya. Tsamba la kope ya mwana wa sukulu ndi lokwanira kusunga zimene anthu agwirizana, ndipo likhoza kulembedwa m'Chichewa chimene onse akumva, ngakhale kuti nkhani ikafika kukhoti la boma idzayenda pa Chipwitikizi. Palembedwe maina a mwini nyumba ndi wolowa, lendi ya mwezi, tsiku lolipira, miyezi imene yalipiridwiratu, ndalama ya ejenti ndi amene wailipira. Nkhani ya magetsi isaiwalike, chifukwa m'nyumba zambiri mita ya Credelec ndi imodzi pa mabanja angapo, ndipo mikangano yambiri imayambira pa funso loti wagula ndani mwezi uno. Madzi chimodzimodzi. Awiriwo asainire, mboni isainire, ndipo aliyense atenge lake. Mboni yabwino ndi mlembi wa dera, secretário do bairro, kapena mkulu wa nyumba khumi, poti iwo amadziwa mwini nyumba weniweni.

Pa chikole pafunika kudekha kwambiri, pakuti ndalama imeneyi ndiyo imasowa kawirikawiri. Chikole si lendi ndipo si mphatso. Ndi ndalama ya wolowa m'nyumba imene yangosungitsidwa, yoti ibwerere potuluka ngati sadaononge kanthu. Koma sukulu ikatsekera kumapeto kwa chaka, mwana amauzidwa kuti khoma lada, chitseko chagwedera, galasi lang'aluka, ndipo chikole chathera pomwepo. Galasilo mwina lidang'aluka mwanayo asanabadwe. Mankhwala ake ndi kuzungulira chipinda tsiku lolowa, mwini nyumba ali pomwepo, n'kulemba chilichonse chimene chili choonongeka kale. Amene ali ndi foni yojambula ajambule. Ndiponso chikole chiperekedwe m'manja mwa mwini nyumba, osati mwa ejenti, chifukwa pofika Disembala ejenti uja adzakhala atasamukira ku Moatize.

Anthu a m'malire ali ndi nkhani inanso yawoyawo, ya ndalama ziwiri. M'misika ya m'mbali mwa msewu wa Dedza ndi Ntcheu, monga ku Lizulu, kwacha ndi metical zimayendera limodzi, ndipo mapangano ena a nyumba amachitika pakamwa m'ndalama iliyonse imene ili m'thumba tsiku limenelo. Amene adaona kwacha ikugwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 akudziwa mmene pangano lotere limasandukira mkangano. Papepala palembedwe dzina la ndalama, osati nambala yokha.

Zikavuta, poyambira ndi kwa mlembi wa dera, ndipo milandu yambiri ing'onoing'ono imathera pomwepo. Ikakanika pali makhoti a m'madera, tribunal comunitário, amene adakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1992 kuti aziyanjanitsa anthu pa nkhani zotere. Dandaulo lokhudza wamalonda wobisa mitengo likhoza kuperekedwa ku ofesi ya boma yoona zachuma pa boma la Angónia, ija amati SDAE, kuti alifikitse kwa oyendera zamalonda. Wosauka amene nkhani yake yafika kukhoti lalikulu ali ndi bungwe la IPAJ, limene boma lidakhazikitsa mu 1994 kuti lizithandiza amene alibe ndalama ya loya. Kulikonse kumeneku funso loyamba lidzakhala limodzi: muli ndi pepala, kapena mboni?

Achinyamata opita kutali nawonso amve. Ku South Africa, kumene ambiri a kuno amakafuna ganyu, lamulo la nyumba za lendi la mu 1999 limalamula mwini nyumba kupereka lisiti pa ndalama iliyonse, kusunga chikole kubanki kumene chimabereka chiwongoladzanja, ndi kuyendera nyumba pamodzi ndi wolowa, polowa ndi potuluka. Ngati palibe choonongeka, chikole chibwerere pasanathe masiku asanu ndi awiri. M'zigawo za dzikolo muli mabwalo omva madandaulo a lendi kwaulere. Ku Malawi lamulo loteteza ogula ndi la mu 2003, ndipo madandaulo amalandiridwa ndi bungwe la CFTC.

Chotsala ndi cha akuluakulu a khonsolo ya Ulónguè. Lamulo la mu 2009 ndi labwino, koma lidalembedwa moganizira wamalonda amene ali ndi khomo, chikwangwani ndi chiphaso. Ejenti wa pa siteji ofesi yake ndi foni ndi nsapato zake, ndipo woyendera zamalonda sangamupeze. Komatu khonsolo imadziwa kuwerenga mabenchi a mumsika ndi kutolera msonkho tsiku ndi tsiku. Singalephere kulemba m'kaundula anyamata opezera anthu nyumba, kuwapatsa kakhadi kokhala ndi chithunzi, ndi kukhoma bolodi pa siteji ya chapa lonena m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi kuti ndalama ya ejenti imanenedwa ulendo usanayambe. Maejenti achilungamo ndiwo angayambe kukondwa, chifukwa pakadali pano dzina lawo likuipa kaamba ka anzawo. Bolodi limodzi, penti ndi misomali inayi sizingafike pa mtengo wa lendi ya miyezi itatu, ndipo Januwale wina akubwera.